Tsiku limene tinatulutsa alamu anga m'nsalu yoyela

Mdzukulu wanga wamkazi anatsika minibasi pamsewu wa ku Mwase m'mwezi wozizila, chimanga titakolola kale, fodya atapita kumsika. Chikwama cha zovala chinali chimodzi, koma zimene kondakitala anatsitsa pamwamba zinali ngati za munthu womanga nyumba: matabwa anayi omanga pamodzi, chinsalu chokhuthala chokulunga ngati mphasa, ndi zitini za penti. Ndinamufunsa ngati sukulu yamukana ndipo wayamba ukalipentala. Anaseka, nandisenzetsa zitinizo.

Mwanayu ndi wa mwana wanga wachiwili, amene amakhala ku boma. Anali m'chaka chomaliza ku koleji ku Lusaka, kumene ankaphunzila zojambula. Bambo wake ankafuna kuti akhale nesi. Analola zaka zitatu mokakamizika, nanena pamaso panga kuti chachinayi kulibe: akalephela, abwele kuno adzasankhe fodya m'chigafa ngati anzake onse.

M'mawa mwake tikuswa mtedza pakhonde, anandifotokozela chimene wabwelela.

"Agogo, dzanja lokha silikwanila. Kuli phunzilo lina la momwe wojambula amasamalila ntchito yake. Munthu usanamujambule, avomele papepala. Ukamaliza, uike dzina lako pakona, uchijambulenso ndi foni kuti chikhale m'mbili yako. Uchikulunge bwino, chisakande. Ndiye chachikulu, uchifikitse pa tsiku lake. Wochedwa samuitananso."

Ankafunika chithunzi chimodzi chachikulu, choti chikapachikidwe pakhoma la holo Lolemba loyamba la Ogasiti, tsiku limene oyesa mayeso ochokela kwina amabwela. Chikapanda kufika, chaka chonse chagwa. Ine ndinamva bwinobwino, ndipo tsikulo ndinalisunga m'mutu monga ndimasungila tsiku la sikelo ya ana.

Amene anasankha kujambula anali alamu anga, akulu a malemu amuna anga. M'mudzi monse anatsala okha a makutu oboola, mwa mwambo wa makolo awo amene anabwela ndi ng'ombe kuchokela kummwela. M'khutu lakumanzele ankasomekamo kabango ka fodya wamphuno. Akazi awo anamwalila kale, ndipo ankakhala m'kanyumba kawo pabwalo la mwana wawo woyamba, pafupi ndi khola.

Tinawapeza akuwothela dzuwa.

"Odi kuno!"

"Odini. Ee, mkazi wanga wafika! Mwabwela kudzalowa nyumba tsopano, mlamu? Zaka khumi ndikudikila."

"Ndilowe nyumba ya munthu wa mano awili?"

"Atatu. Welengani bwino, lina lili kumbuyo likupuma."

Mdzukulu wanga anagwada, nawalonjela agogo akewo m'Chitumbuka. "Monile, asekulu." Anawauza zonse, ndipo iwo anavomela asanamalize n'komwe. Anangopempha kuti awajambule ataimilila ndi ndodo yawo, asaoneke ngati nkhalamba yapampando.

Kenako anatulutsa pepala. Analiwelenga m'Chingelezi, nalimasulila m'Chitumbuka: kuti iwo alola kujambulidwa, ndi kuti chithunzicho chidzakhala cha wojambula, achionetse kulikonse. Alamu cholembela sanachigwilepo, chimodzimodzi ine. Ngakhale mawu awa ndikungonena, wolemba ndi mnzanga wa kumpingo amene anali mphunzitsi. Panafunika chala. Inki panalibe, ndiye mwanayo anatsegula kachitini kamene kanali pafupi, nathila penti pachivindikilo. Inali yofiila. Alamu anaviika chala chachikulu chakumanja, nadinda papepala, psuu.

"Ndagulitsa ng'ombe kapena mutu?" anafunsa.

Tinaseka tonse, kupatula mpongozi wawo, mkazi wa mwana woyambayo, amene anaima pakhomo la khitchini ndi lichelo m'manja. Anayang'ana chalacho, nayang'ana pepala likulowa m'chikwama.

Masabata atatu mwanayo ankapita m'mawa uliwonse. Anakhoma matabwa aja, nakokelapo chinsalu mpaka chinalila ngati ng'oma, chotalika ngati chitseko. Alamu ankaima pambali pa khola mpaka miyendo itatopa, akumutukwana mwachikondi kuti akuwapatsa makwinya a munthu wina. Madzulo chithunzicho chinkalowa m'kanyumba kawo kuopa fumbi ndi mbuzi. Ine ndinkapita masiku ena kukaona. Poyamba panali mizele chabe. Kenako mapewa. Tsiku lina ndinafika maso atalowa, ndipo ndinapezeka ndakonza chitenje changa ngati ndaima pamaso pa munthu. Sizinali ngati zithunzi za pafoni zimene umaona n'kuiwala. Ukasunthila uku, akukuyang'ana. Ukasunthila uko, akukuyang'anabe.

Tsiku lochichotsa linafika Lachinayi. Alamu anali atapita ndi ng'ombe kudambo. Mwana wawo anali kumunda, mpongozi kuchigayo. Mdzukulu wanga anatulutsa m'chikwama nsalu imene anagula ku Lusaka, yatsopano, yochapa kale, yoyela mbee.

"Bwanji osakulunga m'chitenje?" ndinafunsa.

"Chitenje chimasiya mtundu, agogo. Nyuzipepala imamata. Anatiphunzitsa kuti ikhale nsalu yoyela, yopanda chilichonse. Gwilani uko."

Tinagoneka chithunzicho pamphasa. Anaphimba nkhope. Anapinda m'mbali. Anang'amba timizele titatu ta nsalu yomweyo, namanga kumutu, pakati, ndi kumapazi.

Apa ndiye pamene ndimafuna kunena zoona. Ine ndine mmodzi wa amayi a mpingo amene amaitanidwa munthu akatisiya. Mfundo zitatu zimenezo ndazimanga ndi manja anga kambilimbili. Nditaona ya kumapazi ikumangidwa, ndinadziwa. Pakamwa panatseguka. Koma mwanayo anali akuimba pang'onopang'ono, wokondwa, akuchita zonse monga anamuphunzitsila anthu ophunzila, ndipo ine sindinafune kukhala nkhalamba yothila dothi pa za sukulu. Ndinati mumtima, ndi kamtunda kakafupi, tifika msanga. Ndinatseka pakamwa.

"Tinyamule chogoneka, awili. Inu kutsogolo, ine kumbuyo. Musagwile pankhope."

Tinatuluka choncho m'nyumba ya alamu, dzuwa lili pamutu.

Njila yochoka kwawo kupita kwanga imadutsa pamjigo. Mayi woyamba kutiona anasiya kupopa. Anayang'ana chimene tanyamula, nayang'ana khomo limene tachokela, naika manja pamutu. Mawu ake anakwela, ndipo wachiwili anawalandila. Bambo wina amene ankabwela panjinga anatsika, navula chipewa, napatukila m'udzu. Ana anaitanidwa m'nyumba. Ine ndinafuula kuti iyayi, si zimenezo, ndi chithunzi chabe, koma mawu a munthu mmodzi samveka pamene akazi asanu ayamba. Mdzukulu wanga kumbuyo ankangofunsa, "Agogo, wamwalila ndani?"

Tisanafike n'kwathu komwe, kulila kunali kutawoloka kale mtsinje. Alamu pobwela ndi ng'ombe anapeza anthu atakhala pabwalo pawo, amuna uku, akazi uko, ena atabwela ndi nkhuni. Akuti anaima pachipata cha khola, nawayang'ana onse, nati, "Amene mwabwela ndi ufa, siyani pomwepo, ndidya ndekha." Anthu anaseka, ena anagwa pansi ndi kuseka, namwazikana. Ine nditathamangila kumeneko kukapepesa, anandiuza kuti tsopano adziwa amene adzawalile ndi amene adzangobwelela nyama.

Koma poseka sanandiyang'ane kumaso. Ndipo mpongozi, amene anamva malilo a apongozi ake ali pamzele kuchigayo nathamanga njila yonse ufa atausiya, anandipelekeza mpaka panjila, nati motsitsa mawu, "Amama, munthu wamoyo walilidwa pakhomo pano. Misozi yagwa kale pansi. Tiitola bwanji?"

Panapita masiku anayi. Tsiku lachisanu lake, potsegula khola m'mawa, alamu anagwa.

Anawatengela kuchipatala ku boma. Anesi anati ndi BP, kuti mtsempha wa m'mutu wavulala, ndiponso kuti mapilitsi anawapatsa kale koma iwo ankawasunga m'thumba la jekete. Zimenezo tonse tinazimva. Koma atabwelako patatha sabata ndi masiku, pakamwa patapotoka, mawu atapita, mbali imene inafa inali yakumanja. Dzanja lomwe lija. Palibe amene ananena pamaso panga. Sipanafunike.

Mdzukulu wanga akanatha kunyamuka iwo adakali kuchipatala. Ndine ndinamuletsa. Ndinati zingaoneke ngati wathawa. Anamvela, nakhala, masiku akudyeka.

Mudzi unasintha mwakachetechete. Ndikati monile, ankayankha akuyang'ana kumbali. Pamjigo, mwanayo akaika ndowa yake pamzele, ndowa zina zinkasunthila kutali, ndipo akamaliza kupopa, wina ankatsuka chogwilila. Kutchalitchi benchi lathu linakhala la anthu awili. Mwana wa aneba amene ankakonda kubwela kudzapempha mapepala anamenyedwa ndi amake ife tikumva. Tsiku lina m'mawa ndinapeza pakhomo panga, pamene mdzukulu wanga anaponda dzulo lake ndi nsapato zake za mizele, dothi litakokoledwa bwinobwino ndi dzanja. Ndinasesa msanga asanadzuke. Chithunzicho chinali m'chipinda, chotsamila khoma, chidakali m'nsalu yake, ndipo ndinayamba kudutsa pakhomo la chipindacho mofulumila.

Kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti tsiku la mayeso lifike, mwana woyamba wa alamu anabwela masana ndi amuna awili. Anakana mipando, nakhala pansi pa mtengo wa mango. Ndi munthu wofatsa, mlimi wa fodya, wosamwa mowa, ndipo ndinamunyamulapo kumbuyo ali khanda.

"Amama," anatelo, "ine ndine wa mpingo. Zambili zimene anthu akunena sindizikhulupilila. Koma adada anadinda chala chofiila, anatulutsidwa m'nyumba m'nsalu, analilidwa, ndipo lelo agona osalankhula. Ndikamva kuti akwela basi kupita ku Lusaka, ndiwauza chiyani alongo anga?"

"Si asekulu amene akwele basi, adada aakulu," anatelo mdzukulu wanga. "Ndi penti pansalu."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Nanga bwanji unaiphimba kumaso?"

Mmodzi wa amuna aja anati anyamata akufuna kubwela kudzachiwotcha. Winayo anati ayi, akazi akana, akuti chikapsa nawonso apsa. Ndinaona kuti iwonso sakudziwa chochita nacho, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa ukali. Chimene anagwilizana chinali chimodzi: chibwelele m'nyumba imene chinachokela, panjila yomweyo, masana, nkhope ili poyela, pamodzi ndi pepala lija. Chikhale mmenemo mpaka adzuke.

"Akapanda kudzuka?" anafunsa mwanayo.

Amuna aja anangotsanzika, napita.

Mdzukulu wanga anakwela pachulu cha kuseli kwa nyumba, pamene foni imagwila, naimbila aphunzitsi ake, mayi wina wa mawu odekha. Anakweza mawu a foni kuti nanenso ndimve. Mayiyo anamva chisoni, ndithu anamva. Koma anati oyesa amabwela tsiku limodzi lokha, ndipo chithunzi cha pafoni chimangolowa m'faelo, pakhoma pamafunika ntchito yeniyeni. Anati, "Pepala lodinda uli nalo. Mwalamulo chithunzicho ndi chako. Ngati ukuopa, pita kupolisi akupelekeze mpaka pabasi. Izi ndi zimene tinkakuphunzitsilani mapepalawa."

Mwanayo anatsika pachulu maso akuwala. Anati mawa m'mawa apita ku boma kukatenga apolisi.

Ndinamuuza kuti akhale pansi. Ndinati apolisi adzakupelekeza mpaka pamsewu, kenako adzabwelela kwawo. Ine nditsala pano. Asekulu ako akatisiya iwe uli m'njila ndi chithunzi chawo, sipadzakhala munthu wondipalila moto, ndipo iwe mudzi uno sudzaupondanso, ngakhale pa malilo anga. Munda wa bambo ako uli pakati pa minda yawo.



"Agogo, tsiku lija munadziwa?"

Ndinati ndinadziwa.

"Munadziwa! Munagwila kutsogolo! Mawu amodzi okha, agogo, mukanati mwana iwe, nsalu iyi ayi. Ndikanakulunga m'thumba la feteleza, ndikanakulunga m'chilichonse. Zaka zitatu!"



M'mawa mwake sanapite ku boma. Anamasula yekha mfundo zitatu zija. Anachijambula ndi foni kangapo, kutsogolo, kumbali, pafupi ndi makutu. Dzuwa litakwela tinachinyamula choimilila, nkhope kutsogolo, ngati alamu akuyenda pakati pathu. Pamjigo panali anthu ambili kuposa tsiku lina lililonse, koma panali zii. Tinalowa m'kanyumba, tinachitsamilitsa kukhoma moyang'anana ndi bedi. Alamu anatembenuza diso. Anadziona ataimilila ndi ndodo, khola kumbuyo, miyendo yonse iwili yolimba. Msozi unatsika mbali yamoyo. Kaya anakondwa, kaya chinawapweteka, panalibe njila yowafunsila. Mwana wawo analandila pepala ndi manja awili, nathokoza kuti yewo.

Tikubwelela, mdzukulu wanga anati kwatsala chidutswa cha chinsalu, theka la chija, ndi masiku anayi asanakwele basi. Penti yake ndi youma msanga. Chosowa chinali munthu. M'mudzi monse panalibe amene akanalola kuti amujambule ngakhale mbuzi yake.

Ndinati ndilipo ine.

Musaganize kuti ndinalibe mantha. Ndimapemphela, ndipo zimene ananena anesi ndinazimva. Komabe nditakhala pampando pakhonde, mwanayo akundiyang'ana n'kuyang'ana pansalu, kundiyang'ana n'kuyang'ana pansalu, ndinkamva ngati akutapa kanthu mwa ine. Ndinkagwedeza zala zakumanja mobisa kuti ndione ngati zidakamva. Anthu ankadutsa panjila pang'onopang'ono, ena kawili. Sitinkalankhulana. Ankayamba kukangoyela, kuleka dzuwa likalowa, kudya ataimilila. Tsiku lachitatu anati, "Musasunthe pakamwa, agogo," ndipo ndiwo mawu aatali amene anandiuza sabata imeneyo. Sindinapemphe kuona. Atamaliza ndinangoona manja anga ali pamiyendo, ndinatembenuka.

Loweluka tinapita kumsewu, iye atanyamula chithunzi poyela, ine ndikuyenda pambali pake kuti aliyense aone kuti tilipo awili. Anakachikulunga ku boma m'makatoni a sopo.

Anakhoza. Aphunzitsi analemba kuti ntchitoyo ikuoneka yothamangila ndipo ndi yaing'ono kuposa imene analonjeza, choncho malikisi anali apansi, koma anakhoza. Fodya sanasankhe. Pano ali ku Lusaka komweko, amalemba zikwangwani za mashopu, ndipo apa ndi apo amajambula anthu amene amupempha okha. Akuti amene anaona chithunzi cha asekulu pafoni amamufunsa kuti chili kuti, angachione liti, ndipo iye amasintha nkhani.

Alamu anatisiya mvula yoyamba itagwa. Mwana wawo anatumiza mawu aulemu kuti mdzukulu wanga asavutike ndi ulendo. Anamva tanthauzo lake, ndipo sanabwele. Mpaka pano sanabwele. Ine anthu anayambanso kundipatsa moni, koma ndikatsokomola kutchalitchi mitu imatembenuka, ndipo mpongozi uja amadutsa pakhomo panga m'mawa uliwonse ndi ndowa, ngakhale njila ya kumjigo si imeneyo. Akaona chitseko chotsegula amapitilila.

Kanyumba ka alamu anakagwetsa. Chithunzicho anachiika m'chigafa chakale, nkhope kukhoma. Kuchiwotcha akuopa, kuchipeleka akuopa. Mwezi wathawu mdzukulu wanga anandipempha pafoni kuti ndikachione. Ndinapempha chilolezo, anandilola, koma palibe analowa nane. Chiswe chinali chitakwela kuchokela pansi, chitadya thabwa lakumunsi, ndipo dothi lake linafika pamene ndikuganiza kuti ndi m'mawondo.

Ndinamuuza zimenezo. Kenako anafunsa ngati nkhope ikadalipo. Ndinati ilipo. Sindinamuuze kuti ndinaima kumbuyo kwake nthawi yonseyo, ndipo sindinachitembenuze.